A Kapitawo ndi Maluwa Aulesi

Fakitale ya matumba itatsekedwa, bambo amene aliyense ankangowatchula kuti a Kapitawo anabwerera kunyumba ndi mawu awo aakulu basi. Analima kuseri kwa nyumba n'kubzala mavwende. Mwini sitolo ya zipatso anawalonjeza kuti akabweretsa mavwende abwino mvula isanagwe, azigula kwa iwo chaka chonse. Banja lonse linaika mtima pa dimba limenelo.

Ntchito anaigwira, tisawanamizire. Kuthirira m'mawa, kupalira madzulo, mpaka manja matuza okhaokha. Mavwende anayanga, maluwa achikasu anatuluka, ndipo njuchi zinkauluka duwa ndi duwa, miyendo itadzaza mungu.

Koma diso la ukapitawo silipuma pantchito. Anaona kuti maluwa ena ali ndi kavwende patsinde, ena alibe kalikonse.

"Awa ndi alesi," anatero. "Akungondidyera manyowa."

Tsiku lililonse ankawathothola asanatseguke n'kuwaponya m'ndowa, monga ankachotsera antchito ogona pashifiti.

"Bambo, bwanji osafunsako achemwali anga?" anatero akazi awo. "Dimba analiyamba kalekale."

"Ine ndinayendetsa anthu mazana. Lero ndikafunse za duwa?"

Njuchi zinayamba kuchepa, ndipo zobwerazo zinkachoka miyendo ilibe kanthu. Timavwende tinkakula ngati chala, n'kufota, n'kugwa. A Kapitawo sanagonje. Anawonjezera madzi, anawonjezera manyowa, ndipo kuthothola ndiye anachita kunyanya.

Mitambo itayamba kusonkhana, achemwali aja anabwera kudzacheza. Atasuzumira m'ndowa anagwira pakamwa.

"Alamu, mwatani! Amenewa ndi maluwa aamuna. Njuchi zimatenga mungu pa iwowa n'kukausiya pa aakazi. Mwathamangitsa amuna onse, ndiye ana achokere kuti?"

A Kapitawo anayang'ananso m'ndowa muja. Manyazi anawagwira, ndipo chinawapweteka kwambiri n'chakuti mbewu anaiwononga ndi khama lawo lomwe. Nthawi inali itatha kale, ndipo mwini sitolo anapeza mlimi wina.

A Kapitawo sanangokhala m'nyumba n'kumadandaula. M'mawa mwake anagogoda kwa alamu awo, kope ndi cholembera zili m'manja.

"Ndiyambireni poyambirira penipeni, alamu. Chaka chamawa sitolo ija ndi yanga."

Anakhala pansi ngati mwana wasukulu, chaka chathunthu atachitaya chifukwa cha funso limodzi. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.