Purosesa Yatsopano pa Bolodi Lakale

Namondwe atasasula shopu yake yojambula mavidiyo ku Milange, Ednilson sanakhale manja m'khosi. Anthu atayamba kubwerera m'makwawo, iye anakhomanso malata, n'kuwoloka malire pa Muloza kukagula purosesa, ubongo wa kompyuta, yamphamvu kuposa zonse zimene anaziwonapo. Bolodi lokhazikapo ubongowo sanagule. Anati lakale lomwe anapulumutsa m'matope likwanira.

Mlongo wake Neide, wokonza mafoni ndi makompyuta pamsika, analitembenuza bolodilo n'kupukusa mutu.

"Achimwene, taonani tizipangizo topereka magetsi kwa purosesati. N'tochepa, tilibenso chitsulo choziziritsa. Mukumangirira ng'ombe yolima pa chikhomo cha mbuzi."

"Chemwali, zako ndi mafoni," anaseka Ednilson. "Mutu ukakhala wabwino, thupi limatsatira."

Ntchito yoyamba inali ukwati wa Silvestre ndi Nélia ku Mongue, chikondwerero choyamba mudziwo chiumirenso nyumba zake. Ednilson anajambula zonse, nalonjeza kudzaonetsa vidiyoyo pabwalo la tchalitchi Loweruka lotsatira.

Poyamba kompyuta inathamanga ngati njinga yotsetsereka. Koma atayamba kulumikiza vidiyo yonse, inangoti zii! Anaiyatsanso, inazimanso. Anaikupiza ndi katoni, anaichotsa chivundikiro, osathandiza. Lachisanu m'mawa kunatuluka kautsi ndi fungo la mphira wopserera. Ednilson anakhala pansi akuganiza za azimayi a ku Mongue amene anali atayamba kale kufulula thobwa.

Anapita kumsika chipewa chili m'manja. Neide sanamunyoze. Anangotseka benchi yake, n'kumasula bolodi la m'kompyuta yake yomwe, lokhala ndi tizipangizo tambiri ndi zitsulo zoziziritsa.

"Tiyeni tikaone ngati ng'ombe yanu ikadali moyo."

Inali moyo. Pa bolodi latsopanolo inagwira ntchito tsiku lonse osatsokomola. Mkazi wa Ednilson, Rosita, anasankha nyimbo, ndipo mnansi wawo Alcides anabwereketsa jenereta n'kuinyamula yekha pa njinga yamoto.

Loweruka, nkhope ya Nélia itaonekera pa nsalu yoyera, nthungululu zinagwedeza bwalo. Mayi Guilhermina, amake a mkwati, atadziona akuvina anafuula, "Ine ameneyo? Bwezani, bwezani ndidzionenso!" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo anabwezadi.

Silvestre atadzamuthokoza, Ednilson anakoka Neide pamkono n'kumuimika kutsogolo.

"Thokozani uyu. Ine ndinagula ubongo, n'kuiwala kuti ubongo umafuna woudyetsa."

Zimene zinachitikira makina zinachitikiranso mwini wake. Ubongo wamphamvuwo sunathe kugwira ntchito wokha, ndipo Ednilson sakanafika ku Mongue yekha. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.