Nsangwe ndi Akamwini Atsatana

Kalekale, thambo lisanakwere patali chonchi, nthambi za mlambe zinkakanda mitambo. Nyenyezi zinalipo, koma kagulu kaja ka Nsangwe kunalibe. Kunalibenso zitatu zondondozana zija, zimene timati Akamwini Atsatana. Khala pansi, mphwanga, umve kumene zinachokera.

Panali mwamuna wina, dzina lake Kaphaizi. Anakwatira Nangondo, nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Nangondo anali ndi abale ake aakazi, mbumba yathunthu, oyendera limodzi ngati nkhanga. Awiri mwa iwo analinso pabanja, wina kwa Gwirize, wina kwa Chikakuda. Akamwini atatu, mudzi umodzi.

Chaka china mvula inadula msanga. Pofika nyengo ya dzuwa loswa mtengo, nkhokwe zonse zinali zouma gwa, zopanda kanthu. Anthu anayamba kukumba mizu kutchire. Kaphaizi anamanga luzi pamimba.

Koma njala siidya mimba yokha. Imadyanso mtima.

Kaphaizi anayamba kuona zinthu. Tambala akalira, Nangondo ankanyamuka pamphasa mwakachetechete n'kutuluka. Panja pankamveka mapazi ndi manong'onong'o a abale ake. Pobwera, manja ali mbuu ndi phulusa. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

Kaphaizi anati chamumtima: phulusa limatsata moto, moto umatsata mphika. Nanga mphikawo uli kuti?

Tsiku lina anaona kanjere ka mapira m'tsitsi la mkazi wake. Kamodzi kokha, konenepa. Anakachotsa nakaika padzanja.

"Nangondo, aka kachokera kuti?"

"Mudzamva mvula ikagwa, bambo."

"Mvulayo ndiye mwamuna wako?"

Nangondo anangoseka. Anatenga kanjereko nakamangirira kunsonga ya nsalu yake. Sanakadye. Kaphaizi anaona zimenezo, nati chamumtima: munthu wanjala sasunga njere. Uyu wakhuta.

Anapita kwa akamwini anzake, nawapeza akuluka mphasa pamthunzi. Gwirize anati nayenso analiona phulusalo, ndipo masaya a mkazi wake sakuphwa monga akuphwera ake. Chikakuda analavula malovu pansi.

"Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka," anatero. "Akudikira titerereke ndi njala, iwo atsale akudya."

Onse anavomera. Koma povomerapo, Kaphaizi ankayang'ana mimba ya Gwirize, Gwirize ankayang'ana milomo ya Chikakuda, Chikakuda ankanunkhiza mpweya wa Kaphaizi. Aliyense ankati mwina mnzangayu anauzidwa kale, akungondiseka.

M'bandakucha tambala analira. Akazi anatuluka. Akamwini anatsatira, wina pambuyo pa mnzake, pakuti panalibe wolola kutsala.

Akazi anawoloka dambo louma, nafika pa mlambe waukulu wokhala ndi mphako. Analowa onse pamodzi, natuluka onse pamodzi, nabwerera kumudzi. Atangopita, amuna aja analowa m'mphakomo.

Anapeza zikwatu zitapachikidwa m'mwamba, zomangidwa bwino ndi masamba ndi luzi. Anamasula chimodzi, mapira. Anamasula china, mawere. China, nzama. Njere zonse zikuluzikulu, zosankhidwa, zopakidwa phulusa.

 Kaphaizi anafunsa kuti nanga chakudya amachipaka phulusa bwanji. Gwirize anayankha kuti amenewo ndi mankhwala, oti mkamwini akalawa apusiretu. Chikakuda anati ngati ndi choncho, mankhwala amapsa pamoto.

Anapeka moto. Anakazinga pa phale. Anadya, anadya, anadya, aliyense akuwerenga ndi maso zimene mnzake watapa. Dzuwa litafika pamutu, zikwatu zinali masamba okhaokha.

Utsi ndiwo unawaitana akazi.

Anafika, naima pakhomo pa mphako. Palibe analira. Palibe anatukwana. Nangondo anagwada, nayamba kutola njere zimene zinagwera m'fumbi. Abale ake anagwadanso. Zonse pamodzi zinangokwana dzanja limodzi. Nangondo anamasula nsonga ya nsalu, nawonjezapo kanjere kaja.

Kenaka anati, "Bambo, mwadya chaka chamawa."

Apo m'pamene Kaphaizi anazindikira. Inali mbewu. Phulusa lija linali lothamangitsa anankafumbwe.

"Bwanji sunandiuze?"

"Mbewu siululidwa kwa munthu wanjala. Ngakhale ine sindibwera kuno ndekha. Timabwera tonse kuti wina agwire dzanja la mnzake, pakuti nafenso mimba zikutiluma."

"Koma ndinakufunsa, Nangondo."

"Munafunsa ndi pakamwa. Maso anu anali atagamula kale."

Atatero, anafumbata njerezo nayamba kukwera mlambe. Abale ake anamutsata, ataunjikana pafupipafupi kutchinjiriza dzanja lija. Anati akazisunga kumene pakamwa sipafika. Anakwera thunthu, anakwera nthambi, anaponda mtambo, nalowa m'thambo.

Kaphaizi anataya phale nayamba kukwera, akuyimba:

Nangondo, cheuka,
Nangondo, ndione,
luzi ndimanganso,
mvula ndidikira.

Kumwamba mawu anayankha:

Mbewu siidyedwa, bambo,
mbewu siidyedwa.

Gwirize ataona Kaphaizi akukwera, anati uyu akufuna akadye yekha zotsalazo. Anakwera pambuyo pake. Chikakuda ataona awiriwo, anati awa apangana. Anakwera nayenso.

Kaphaizi akanathamanga, mwina akanamupeza mkazi wake. Koma akaponda kawiri, ankacheuka kuona ngati Gwirize sakumukoka mwendo. Gwirize naye ankacheukira Chikakuda. Wotsogola sathamanga, wotsatira sapitirira. Mpata wa pakati pawo sunakule, sunachepe. Ndipo akazi anali patsogolo, patsogolo, patsogolo.

Thambo litaona kuti anthu ayamba kulipondaponda, linadzikweza. Mlambe unatsala pansi, nthambi zili yangayanga, zikufuna chogwira. Mpaka lero uli choncho.

Pamudzi anthu anatsala manja ali m'khosi. Inagwa mvula ya chizimalupsa, ija yonamiza anthu, koma panalibe chodzala. Dzuwa linabweranso. Kenaka tsiku lina, dzuwa litangolowa, anaona kum'mawa kagulu ka nyenyezi kachilendo, zounjikana ngati njere m'dzanja. Posakhalitsa mvula yeniyeni inagwa, ndipo m'minda munamera mapira, mawere ndi nzama zimene palibe anadzala. Nangondo anali atafumbatula dzanja lake.

Kuyambira pamenepo anthu anazitcha Nsangwe, ndipo amazimvera. Zikatuluka kum'mawa dzuwa litangolowa, tsitsa chikwatu, nola khasu, mvula yodzalira yayandikira. Zisanatero, ngakhale kugunde bwanji, mbewu isatuluke. Zikayamba kulowa msanga kumadzulo mpaka kusowa, ndiye kuti akazi aja apita kukabisa mbewu. Nawenso sankha ngala zazikulu, upake phulusa, upachike.

Nsangwe zikatuluka, ukadikira pang'ono, umaona nyenyezi zitatu zikutuluka mondondozana. Ndi Kaphaizi, Gwirize ndi Chikakuda. Chaka ndi chaka akutsatira, chaka ndi chaka sakufika.

Tsono udzayese ichi. Ukazitong'olera maso Nsangwe kuti uziwerenge, zimazimirira ngati utsi. Wina amati ndi zisanu ndi imodzi, wina amati zisanu ndi ziwiri, anthu mpaka kukangana. Koma ukayang'ana cham'mbali, mwaulemu, monga mkamwini ayang'anira apongozi ake, zimawala zonse. Nangondo safuna diso lofufuza. Analiona kokwanira m'nyumba mwake.

Kuno kuchilendo magetsi anazimeza nyenyezi zimenezi, koma kwathu zilipo. Malemu mkazi wanga akaziona ankati, "Onani, bambo, anzanu aja sanafikebe."

Wokayika amadya mbewu, mphwanga. Chimene ukadauzidwa mvula itagwa, usachikazinge dzuwa likadali pamutu.

Nthano yanga yathera pomwepo, pamene Kaphaizi akadali panjira.