Penti Yofiira pa Khoma la Achimwene

Khonde la mayi khansala linkadzaza dzuwa lisanatenthe. M'wadi mwawo munalibe ofesi, ndiye aliyense wa dandaulo ankangofikira pomwepo, wina pa benchi, wina pa ndowa yovundikira, kudikira kuti mwini nyumba amalize kutsuka m'kamwa. Uyu paipi yaphulika, uyo agalu a neba amuthera nkhuku, winayo chimbudzi cha pamsika chadzaza. Khansala ankamvetsera onse mpaka tiyi kuzizirira m'manja. Koma panali dandaulo limodzi losafuna n'kunena komwe, poti aliyense ankabwera atalisenza m'tsitsi ndi m'nsidze. Linali fumbi la msewu waukulu wa m'wadimo.

Msewu umenewo, abale, unali msewu dzina lokha. Maenje ake mbuzi inkatha kugonamo osaoneka. A minibasi ankatsitsira anthu kumphambano n'kutembenuka, ati galimoto ili ndi mwini wake. Tsiku lina ambulansi inakanika kulowa, ndipo mayi wina wodwala matenda a amayi anamutengera kumphambanoko pa wilibala, mwamuna wake akukankha uku akulira ngati mwana. Khansala anaziona ndi maso ake, zinamuwawa, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo yake inali imodzi basi.

Ku khonsolo, kaya akukamba za ziphaso za pamsika, kaya za manda, kaya za nsapato za alonda, dzanja lake linkakwera ndithu.

"Wapampando, nanga msewu wathu uja?"

Makhansala anzake anatopa naye mpaka kumupatsa dzina loti Mayi Phula. Akamalowa m'chipinda cha misonkhano, ena ankatukula mapazi m'mwamba, ati tingadetse msewu. Iye sankaseka nawo. Ankangokoka mpando n'kukhala, dzanja lili chire kudikira.

Wapampando anali bambo wachikulire amene anaonapo makhansala ambiri akubwera ndi moto n'kubwerera ndi phulusa. Tsiku lina atatuluka mumsonkhano anamukokera mayiyo pambali.

"Mayi, tikupatseni gileda. Ipale, ikwirire maenjewo, anthu aziyenda. Phula lili ndi zake. Limafuna malo otakata, ngalande mbali zonse ziwiri, ndipo anthu anu aja anamanga mpaka kukamwa kwa msewu. Munayamba mwayendamo kuti muone pamene pali malire?"

"Gileda imabwera chaka ndi chaka, bambo, maenje n'kubwerera ngati anangopita kokacheza. Ine ndikufuna phula. Amene anamanga mumsewu adziwa okha chochita."

Wapampando anangopukusa mutu n'kutsegula chitseko cha galimoto yake. Ndipo zokayenda m'mphepete mwa msewu kufufuza malirewo, mayiyo analibe nazo nthawi. Mtima wake unali utathamangira kale pa tsiku lodula riboni.

Anamenya nkhondo yake, ndipo tisamunamizire, anaimenya ngati mkazi. Anatenga amayi a m'wadi mwake kukakhala nawo kumbuyo kwa chipinda cha misonkhano, atavala zovala zomwe anayenda nazo pamsewupo, osakutumula. Anagogoda pa ofesi ya injiniya mpaka mlonda kuleka kumufunsa dzina. Potsiriza khonsolo inagonja, dzina la msewu wake linalowa pa ntchito za chaka chimenecho.

Wadi yonse inasangalala, koma amene anaposa onse anali mchimwene wake wamkulu, mmisiri wowotcherera zitsulo. Bambo ameneyu ndiye analera khansalayo makolo awo atamwalira. Anayamba ndi kamakina kamodzi pansi pa mtengo, m'mphepete mwa msewu womwewo, n'kumamanga pang'onopang'ono mpaka panaima shopu ya njerwa yokhala ndi khonde lalikulu kutsogolo. Pakhondepo ndi pamene ankaimika mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi, kuti wodutsa aliyense aone n'kufunsa mtengo. Tsiku limene nkhani ya phula inamveka anatseka ntchito msanga, nagulira anyamata ake zakumwa.

"Mukumuona mlongo wangayu?" ankauza aliyense woima. "Mutu umenewu ndi wa kwathu. Akati phula, ndi phula!"

Kenaka kunabwera oyeza malo, ndi zingwe zawo, zikhomo ndi chitini cha penti yofiira. Khoma lililonse lolowa m'malo a msewu ankalilemba mtanda waukulu, kutanthauza kuti ligwe. Khansala anali pakhonde pake akumva mlandu wa mpope pamene mlamu wake, mkazi wa mmisiri uja, analowa pageti ali wefuwefu, mpango uli m'manja.

"Alamu, tabwerani mudzaone zimene achita anthu anu!"

Khansala anathamangira komweko. Mtanda wofiira unali pakhoma la shopu, penti ikadayenderera. Chikhomo anachikhomera m'kati mwenimweni, pafupi ndi pamene pamakhala makina. Khonde lonse ndi theka la shopu zinali mumsewu. Mchimwene wakeyo anali akuseka, magalasi akuda ali pachipumi.

"Ana awa sakundidziwa eti? Iwe, kawauze abwere ndi madzi adzafufute uve wawowu."

Khansala anachoka pomwepo. Anapita molunjika kwa injiniya, ndipo injiniyayo sanamubisire kanthu. Malo amene panali shopuwo anali a msewu kuyambira kale, ndipo womanga pamenepo sapatsidwa chipepeso. Kuti shopu ipulumuke, msewu unayenera kukhotera mbali inayo, kumene kunali nyumba za mabanja amene anamanga m'malo awo enieni, osalakwira munthu. Apo ayi, ajambulenso msewu wonse, ndipo pomwe azidzamaliza, ntchito idzakhala itapita ku wadi ina.

Potuluka anakumana ndi khansala wa wadi yoyandikana nayo, munthu wa mano oyera amene ankaudyera maso msewuwo.

"Mayi Phula, mukuvutikiranji? Mbali inayo ndi anthu aja anakukuwizani pa kampeni. Voti yawo simunaione, ndipo simudzaiona. Kankhirani chingwecho kumeneko, achimwene apume."

Musaganize kuti mawuwo anangodutsa. Analowa, nakhala. Khansala anayenda nawo mpaka kunyumba, akudzifunsa kuti kodi munthu amene anakulipirira sukulu ndi manja opsa ungamuyerekeze ndi anthu amene anakutukwana pagulu? Koma podutsa mbali inayo anaona mayi wina akuyanika zovala za ana pachingwe, bambo wokalamba akukonza mpando pakhomo pake, onse osadziwa kuti nyumba zawo zikukambidwa m'makonde a khonsolo. Anachita manyazi ndi maganizo ake omwe.

Anaitanitsa msonkhano wa onse olembedwa mitanda m'kalasi ya pasukulu. Anafotokoza bwinobwino kuti aliyense agumule yekha mbali yolowa mumsewu, apulumutse njerwa ndi malata ake makina a kontilakita asanafike. Kenaka anaimirira wometa tsitsi, mnyamata wa pakamwa posatseka amene kanyumba kake ka malata kanalinso ndi mtanda.

"Mayi, tamva. Inu munanena nokha kuti omanga mumsewu adziwa chochita, ndiye ife tadziwa. Tigumula tsiku limene achimwene anu agumule. Iwo akatsala, ifenso tatsala. Kapena pentiyi ili mitundu iwiri, ina ya abale a khansala, ina ya ife amphawi?"

Kalasi yonse inawomba m'manja. Apa khansala anazindikira kuti msewu wonse, kuyambira kumphambano mpaka kumapeto, wakoleka pa khoma limodzi.

Anapita kushopu madzulo anyamata ataweruka. Mchimwene wake anali akukulunga mawaya, ndipo sanamupatse mpando.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhani yovuta."

"Afufuta liti?"

"Safufuta. Khomali ligwa."

Bamboyo anaika mawaya pansi pang'onopang'ono. Anatambasula manja ake onse awiri, okhala ndi zipsera mpaka m'zigongono.

"Ukuwaona manja awa? Anapsa kuti iwe ukhale m'kalasi. Nsapato yako yoyamba inachokera pakhonde ili. Pa kampeni ndinatseka shopu, ndinayenda nawe khomo ndi khomo mpaka mawu kundithera. Lero wakhala pa mpando, chikhomo chimodzi chokha chakukanika kuzula?"

"Palibe chimene ndaiwala, achimwene. Koma ndikazula chimenechi, onse azula zawo, msewu wapita. Bwerani kwathu. Kuseri kuli malo, magetsi alipo, simulipira kanthu."

"Kuseri! Geti ndani amaligula kuseri kwa nyumba ya munthu? Ukufuna ndizigulitsa kwa nkhuku zako?"

"Ndinalakwa kusayenda kuona malire poyamba. Ndikanakuuzani nthawi ikadalipo, mukanakonzeka. Pamenepo ndiye ndikupepesa. Koma msewu sindiubweza."

"Ndiye wasankha. Ine dzanja langa silikhudza khoma limeneli. Ngati uli ndi mtima umenewo, ubwere udzagumule wekha, anthu aone mwana amene ndinalera."

Ankayesa kuti wamutsekera njira. Anaiwala kuti mutu uja ndi wa kwawo.

M'mawa mwake khansala anatulukira pamsewu atamanga nsalu m'chiuno, nyundo yaikulu ili paphewa. Mbiri inathamanga kuposa iye, moti pofika pashopu anthu anali atadzaza mbali zonse. Anapempha anyamata a pashopu kuti atulutse makina ndi mageti, ndipo iwo anayang'ana abwana awo. Abwanawo anali atakhala pa thayala lakale kutsidya kwa msewu, manja atapinda, osawaletsa. Anyamatawo anatulutsa katundu mwakachetechete.

Nyundo yoyamba inangodunda n'kubwerera, kutsala pang'ono kumugwetsa. Wina m'gulumo anaseka. Khansala anakonza nsalu yake, nalavulira m'manja, namenyanso pakati penipeni pa mtanda wofiira. Pulasitala anagwa. Anamenya kachitatu, njerwa inasuntha. Misozi inali ikutsika poyera, osaibisa, osaipukuta, ndipo nyundo sinaime. Amene anaseka uja anatseka pakamwa. Mlamu wake anafunda mpango kumaso n'kulowa m'nyumba ya neba.

Njerwa zoyamba zitagwa, wometa tsitsi uja anakanda m'mutu.

"Aaa, mayi awa ndi ena," anatero, n'kupita kukabwereka chozulira misomali.

Pofika masana msewu wonse unali phokoso la nyundo ndi malata. Wogulitsa makala, watelala, mwini golosale, aliyense anali pa khoma lake. Amuna ena anabwera kudzalandira nyundo ya khansala, poti manja ake anali atatuluka matuza. Khansala atacheuka kuti aone kutsidya, pa thayala paja panalibe munthu.

Msewu unamangidwa, wotakata, wa ngalande zake mbali zonse. Minibasi zinayamba kufika mpaka kumapeto, ambulansi inkalowa osafunsa. Pa tsiku lotsegulira, amayi analulutira mpaka wapampando kulephera kumaliza mawu ake, ndipo makhansala aja ankatukula mapazi anali patsogolo kujambulitsa. Koma mmisiri sanaoneke. Kuseri kwa mlongo wake sanapiteko. Anakachita lendi kachipinda kuseri kwa msika, kumene makasitomala ankachita kufunsira njira, ndipo anyamata ake ena anawachotsa ntchito. Kunyumba kwa khansala analeka kupondako. Mlongo wakeyo akatumiza mwana ndi kanthu, kanthuko kankabwerera momwe kanapitira.

Tsiku lina khansala akuchokera ku khonsolo anamuona akubwera pa msewu watsopanowo, akukankha njinga, felemu ya windo atamangirira pakaliyala. Anaima pakati pa njira ya oyenda pansi kuti asamulambalale.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

Bamboyo anaimitsa njinga. Anavula chipewa mwaulemu wonse, monga amachitira munthu kwa mlendo wolemekezeka.

"Taswera bwino, kaya inu, akhansala? Msewu mwakonza. Tikuthokoza."

Anavala chipewa chake n'kupitirira. Chibadwire, munthu ameneyu anali asanamutchulepo mlongo wake kuti inu. Bola akanamutukwana, bola akanamulalatira pamaso pa anthu. Khansala anaima pomwepo akuyang'ana msana wa mchimwene wake mpaka unakhotera kumsika.

Atafika kunyumba, mwamuna wake anaona nkhope n'kudziwa.

"Amayi, mukanadziwa kuti zidzatha chonchi, mukanalandira gileda ija?"

Khansala anakhala pa benchi, navula nsapato.

"Ayi. Ndikanayenda kaye kuona malire, ndikanapita kwa achimwene ndisanapite ku khonsolo. Koma phula ndikanalifunabe. Mawa ndipita kumsika kuja. Akandibweza, ndidzapitanso mkuja."

Ndipo anapitadi, nabwezedwa, napitanso. Ngati chitseko chimenecho chidzatseguke, wodziwa ndi mwini wake. Ife timangoyenda pa msewu wosalala, kuyamikira, osafunsa kuti munthu anataya chiyani kuti ufike. Chabwino chilichonse chimene ukuchilirira chimabwera ndi katundu wake kumbuyo, ndipo sungalandire chimodzi n'kukana chinzake. Akuluakulu sananame: walira mvula, walira matope.