Ndikanakana Chikwama Chija

Panali munthu wina wosoka nsapato amene ankagwira ntchito pachipata cha depoti ya mabasi. Apaulendo ankakonda kumusiyira katundu. Munthu ankangoti, "Achimwene, tandionereniko chikwamachi," ndipo iye sankafunsa za m'katimo, pakuti kufunsa kotero n'kunyoza mlendo.

Tsiku lina bambo wina waulemu wake anamusiyira chikwama. Wosokayo anachikankhira pansi pa benchi n'kuwoloka msewu kukagula ulusi. Ali komweko, depoti inaphulika. M'chikwamamo munali bomba la zigawenga. Anzake amene ankamwa nawo tiyi m'mawa uliwonse anafera pomwepo.

Mantha anagwira mzinda wonse. Kunamveka mphekesera yoti mwini chikwama anali wakutsidya kwa mtsinje, ndipo andale anaitola nkhaniyo n'kumakuwa nayo pamisonkhano. Chipani chimene chinakuwa kwambiri ndicho chinapambana chisankho. Posakhalitsa malole a asilikali anayamba kuzungulira, kutola aliyense wolankhula ngati wakutsidya. Otengedwawo sankabwerera.

Wosoka nsapato sanauze munthu za chikwamacho, poopa kuti naye amutenga. Koma mumtima ankaliphwasula tsiku lija n'kulisokanso, ngati nsapato imene yakana kukhala bwino. Ankati, "Ndikanakana, akanachoka nacho. Anzanga bwenzi alipo. Chipanichi sichikanalowa m'boma, ndipo malolewa bwenzi akunyamula chimanga." Dziko la m'maganizo akelo linali lokoma, ndipo lonse linkayambira pa kukana. Choncho analumbira kuti sadzasungiranso munthu kanthu, ngakhale singano.

Masana ena, ali kunyumba, anamva lole ikukwera mtunda. Pachitseko panagogoda a Mwandida, mayi wogulitsa tomato, amene anabwera kuchokera kutsidya ali khanda kumbuyo kwa amayi awo.

"Achimwene, ndibiseniko kuchipinda mpaka adutse," anatero.

Mayiwa ankawadziwa bwino. Ndiwo ankaphikira ana ake pamene mkazi wake anagonekedwa kuchipatala. Koma m'makutu mwake munamvekanso kuphulika kuja. Anakumbukira lumbiro lake.

"Pepani chemwali, yesani kwina."

Anatseka chitseko n'kuchitsamira. Anamva mabuleki, kenako mfuu, kenako zii. Atatsegula anapeza patapata imodzi pakhonde. Anaizindikira, chifukwa lamba wake anasoka yekha.

Kuyambira pamenepo munthuyo ali ndi masiku awiri oti aziwasoka. Pa loyamba amati "ndikanakana", pa lachiwiri amati "ndikanavomera". Limene limamusowetsa tulo ndi lachiwirilo, pakuti za m'chikwama sankazidziwa, koma amene anaima pakhomo ankawadziwa dzina.

Inu amene mukundimva, ndikudziwa kuti nanunso muli ndi tsiku limene mumalikonza mumtima. Ine zimandichititsa mantha, chifukwa bomba linapha m'mawa umodzi, koma mantha anapitiriza kupha ndi manja a anthu abwino. Tsiku lapitalo simungalisinthe, ngakhale mutalisoka mpaka zala zitatupa. Limene lili m'manja mwanu ndi lalero. Wina akagogoda, muyang'aneni nkhope musanayankhe.