Mawaya awiri a bambo Sipana

Kuseri kwa nyumba ya bambo Sipana kunali galaja yamalata, ndipo pakhonde loyang'anana nayo mpamene akazi awo ankapalasa makina osokera. Zaka makumi atatu za ukwati, mayiwa anasunga kachinsinsi kamodzi: makaniko wotchukayo maso ake sankasiyanitsa chobiriwira ndi chabulauni. Ngakhale masokosi ankachita kumusankhira.

Tsiku lina mkamwini wawo anabwera akukoketsa galimoto yake, kompyuta ya injini itapsa. Anali atagula ina, kabokosi kobwera ndi masensa ake ndi mtolo wa mawaya ngati mchira wa bulu. Galimotoyo ndiyo inkadyetsa mwana wawo ndi zidzukulu, poti mkamwiniyo ankanyamulira anthu.

"Bambo, muzitha zimenezi, kapena ndipite nayo kwa odziwa makompyuta?"

"Akamwini, ine ndinayamba kusenda waya inu musanamere mano. Khalani apo muonere."

Anamanga sensa yoyeza kutentha kwa madzi a injini, namanganso ina yoyeza mpweya wolowa. Zonse bwinobwino. Zinavuta polumikiza. Pepala la malangizo lobwera ndi kabokosiko linati waya wobiriwira upite kumadzi, wabulauni kumpweya, koma kwa a Sipana mawaya awiriwo anali mapasa.

Mayi aja, potula tiyi, anasuzumira pepala, nanong'ona: "Abambo, mwagwirawo ndi wabulauni."

Khutu la mkamwini linali pafupi, ndiye a Sipana anafufuma ngati finye.

"Mayi, ndinayamba ndakuuzani poika zipi ine? Kasokeni!"

"Pepani, eni maso," anatero mayiwo, nabwerera pamakina awo.

Injini inalira kamodzi n'kamodzi. A Sipana anayenda chotukumula mozungulira galimoto, manja kumbuyo. Osadziwa kuti mawaya aja awasemphanitsa, ndipo kabokosi kaja akanamiza. Kankamva kuzizira kwa mpweya, n'kumayesa kuti injini ikadali ndi chisanu. Ndiye kanayamba kuimwetsa petulo ngati mlendo wokondedwa, ndipo fani yoziziritsa kanaiuza kuti igone.

Anatuluka nayo kukayesa. Kumbuyo utsi tolo! Asanamalize chitunda, boneti inayamba kufuka nthunzi ngati ketulo. Mkamwini anazimitsa msanga, nagwira mutu.

"Bambo, injiniyi ikapsa, ana aja adya chiyani?"

Awiriwo anabwerera akuikankha galimotoyo, thukuta kamukamu. Mayi aja anangoimitsa phazi pamakina.

"Takulandirani apaulendo. Yatopa galimoto, mwaibereka?"

Injini itazizira, a Sipana anaiona mkati ndi kunja, napeza kuti yapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Anaima nthawi yaitali, mawaya awiri aja ali m'manja. Anawayang'ana padzuwa, anawayang'ana pamthunzi: mapasa basi. Kenako anatsokomola.

"Mayi a kunyumba, tandibwerekeniko maso."

"Sindikumva, ndikuika zipi."

"Ndati bwerani, bwana wanga!"

Mayi aja anabwera ndi ulusi ndi sizasi. Waya uliwonse ankautchula mtundu, n'kuumanga ulusi: mfundo imodzi wa kumadzi, ziwiri wa kumpweya, mpaka mtolo wonse unatha, kuti zala za amuna awo ziziwerenga zimene maso akana. A Sipana ankangoti "inde, mayi" ngati mwana wa sukulu. Atasinthanitsa mawaya aja n'kuliza injini, utsi unatha, ndipo itatentha fani inadzuka, fuu!

Mayiwo anawatsina amuna awo khutu, mkamwini akuona.

"Mawa mudzandithamangitsanso?"

"Ayi, koma siyani khutulo, ndimamvera injini."

Mkamwini analowetsa mutu m'boneti, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Kuyambira pamenepo, ntchito ya mawaya ikabwera, makina osokera amayamba aima kaye. A Sipana akafunsidwa amati mayiwo akuphunzira ntchito. Asiyeni azinama, nkhalamba zokondana. Chimene anachidziwa mumtima n'chakuti wakutsina khutu ndi mnansi.