Waya wa m'mbali mwa njanji

Kalekale, azungu akulamulirabe dziko lino, kunali tauni ina imene anaigawa ngati nyama. Konona, kumtunda kwa mphepo yabwino, kunali kwa azungu. Pakati panali masitolo a amwenye. Anthu akuda anawakankhira kudambo, kutsidya kwa njanji, kumene udzudzu unkaluma ndi masana omwe.

Kudamboko kunkakhala Lufeyo, wogwira ntchito ya m'misewu, ndi mkazi wake Nasibeko, amene anali ndi pakati poyamba. Chipatala chinali kumtunda, ndipo malata ake ankaoneka munthu ali pakhomo pawo. Kanjira kodumpha njanji kankakufikitsa kumeneko phala lisanazizire.

Ndiye kunabwera mzungu wojambula mapu, amene anthu anamutcha Bwana Chingwe chifukwa chokonda kuyeza. Iyeyu analemba msewu wa tala wochokera kumayadi kupita kukalabu ya azungu, nalamula kuti m'mbali mwa njanji amangemo mpanda wa waya waminga, wa chipata chimodzi chokha. Kalaliki wake atafunsa kuti a kudambo azidzera kuti, bwanayo sanadzutse n'komwe mutu.

"Azizungulira kumlatho. Miyendo ali nayo."

Kumlatho kunali kutali, ulendo wa m'mawa wonse. Kudambo bwanayo sanapondeko chibadwire.

Pachipata anaikapo mlonda, bambo Mkwapatira, mkulu wa mpingo womwe ankapemphera Lufeyo. Lamulo linali lakuti wakuda wodutsa pamenepo akhale atavala yunifolomu ya m'nyumba ya mzungu: khukhi, wochapa, woyang'anira maluwa. Ena onse abwerere.

Amayi a kudambo anatopa nako kuzungulira. Anadula waya kuseri kwa nsungwi, nkumakwawira pamenepo ndi ana odwala kumbuyo. Kapitawo atatulukira, anatuma Lufeyo kukatseka. Lufeyo ankadziwa amene ankadutsa pachiboocho, koma ntchito inali ntchito, mwana ali m'njira. Ndiponso sankadziwa kugwira ntchito mwachinyengo. Anapota wayayo kawirikawiri, namanga mfundo zoti ngakhale galu asalowetse mphuno.

Sabata yomweyo, dzuwa lili pamutu, Nasibeko matenda anamuyamba, ndipo magazi anatsogola. Azamba anangoti, "Thamangani naye!" Lufeyo ndi anzake anamunyamula pa machira mpaka pachipata.

"Bambo, tsegulani! Ndi Nasibeko uyu, munamudalitsa ukwati ndinu!"

"Mwana wanga, amene analipo ine ndisanabwere anatsegulira maliro, anamuchotsa tsiku lomwelo. Nanenso ndili ndi ana."

"Ndiye afere pamaso panu?"

Mkuluyo anayang'ana kumbali, misozi ili mbwembwembwe, kiyi ali m'thumba.

Anathamangira kunsungwi kuja. Lufeyo anagwira mfundo zake zomwe, nakoka, naluma ndi mano, manja onse kukhala magazi okhaokha. Waya sanasunthe. Kuseri kwake galimoto zinkadutsa pa tala watsopano, phee, popanda fumbi, wina atanyamula galu pampando wakutsogolo.

Anazungulira kumlatho. Nasibeko anachirira pansi pa mlathowo, amayi atamutchinga ndi zitenje. Mwana analira, wamkazi. Mayi ake anamuyang'ana kamodzi, natsinzina, osadzukanso.

Lufeyo analera yekha mwanayo, namutcha Tinyade, dzina limene mayi ake anasankhiratu. Ankamubereka kumbuyo ngati mayi, anthu akuseka, iye osasamala. Koma mkwiyo sunamuchoke. Akaona mzungu wa mapu, mtima unkawira. Akaona bambo Mkwapatira akutsogolera nyimbo m'tchalitchi, ankatuluka. Akaona zipsera za m'manja mwake, ankasowa kothawira.

Tsiku lina akuyenda ndi Tinyade m'mbali mwa mpandawo, mwanayo anaima, nagwira dzanja la bambo ake, nasisita zipserazo.

"Ababa, anzanga akuti amayi anachita kuphedwa. Anawapha ndani?"

Lufeyo anagwada kuti alingane naye. Iye anali asanamunamizepo mwana wake, ndipo sankafuna kuyamba lero.

Tsono inu mwamva zonse. Wina anajambula mpanda osaona nkhope ya munthu. Wina anaona nkhope, kiyi ali naye, koma anakana. Wina anamanga mfundo ndi manja omwewo amene analerera mwana. Tandiuzani, Lufeyo atchule dzina la ndani?