Goloboyi Amene Anameza Mluzu

Panali munthu wina woweta ng'ombe. Loweruka ankasiya chikwapu n'kukaima pagolo, timu ya kwawo ikamasewera. Mpira sunkamudutsa wamba. Ukamabwera, iye ankaimba mluzu, womwe uja woitanira ng'ombe kudambo. Mwiniwakeyo sankadziwa n'komwe kuti akuimba. Mutu unkangokhala zii, manja n'kumagwira okha ntchito.

Mbiri yake inafika kutauni. Timu ina yaikulu inatuma munthu kuti adzamuone. Akagwira bwino amutenga, za ng'ombe n'kuziiwala.

Tsikulo, masewera asanayambe, mphunzitsi wina wa pasukulu, wa nsapato zopolisha, woti sanagwirepo mpira chibadwire, anamuitanira pambali.

"Achimwene, lero kuli mlendo. Mluzu wanu uja muusiye kukhola. Musatichititse manyazi."

"Mluzu uti, aphunzitsi?"

"Aa, simudziwa? Anthutu amakusekani nawo."

Munthu uja analowa m'bwalo atatseka pakamwa, mano ali gwa. Pamenepo anayamba kumva zonse zomwe sankazimva. Anamva amayi ogulitsa zitumbuwa akutchula dzina lake. Anamva mtima wake ukugunda. Anaona mlendo uja akulemba m'kabuku. Anayang'ana manja ake n'kudzifunsa kuti kodi masiku onse dzanja limene limatsogola ndi liti.

Kenako mpira unabwera. Sunali wamphamvu ayi, wongogubuduka, woti ngakhale nkhalamba ikanauponda. Mluzu unafika pamilomo. Iye anaumeza. Ali mkati moumeza, mpira unadutsa pakati pa miyendo yake n'kulowa.

Mlendo anatseka kabuku. Chigawo chachiwiri sanachidikire.

Munthu uja anabwerera kudambo. Mpaka lero amakusa ng'ombe ndi miyala, chifukwa mluzu sutulukanso. Akati ayambe, amadzimvera yekha, milomo n'kuuma. Mphunzitsi uja ali bwinobwino, ndipo nkhaniyi anaiiwala kalekale.

Tsono inu anyamata a mpira, tamverani. Aliyense ali ndi kamluzu kake kamene kamatontholetsa mutu. Wina amatafuna udzu, wina amalankhula yekha ngati wamisala. Kasiyeni kakhale, musamakafufuze. Ndipo wina akabwera ndi nzeru zake wezulo yatsala pang'ono kulira, muyambe mwamuyang'ana kumapazi. Ngati nsapato zake zikunyezimira, tsekani makutu, osati pakamwa.